Denga la Nyumba ya Achol

Ana anga Madalitso ndi Chifundo, ndikulemba izi ndili kuno ku Roysambu mu Nairobi, m'chipinda changa cha pamwamba chija mumati makwerero ake ndi opha munthu. Adokotala akuti ndiziyenda, ndiye m'mawa ndimayenda kupita ku Misa, pobwerera ndimagula ndiwo zamasamba za sukuma kwa mayi wa pageti, kenaka tsiku lonse limakhala langa ndi phokoso la maminibasi a mumsewu wa Thika. Za ubwana wanga ndizilumpha, azakhali anu anakuuzani kale zambiri, zina mwa izo zoona. Ndikufuna kulemba za ntchito, makamaka za zaka zinayi zimene munandisowa. Iwe Chifundo unakwatiwa ine kulibe. Sunandifunsepo chifukwa chake, koma ndi bwino udziwe kumene bambo ako anali.

Dedza, 1988 mpaka 1994

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza nditangomaliza maphunziro a ukalipentala ndi zomangamanga pa sukulu ya mishoni. A parishi ananditumiza kumalire, kumene kunali anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, kuti ndikamange makalasi a zidina ofolera ndi udzu. Ana ambiri ankafika okha, makolo atafera m'njira kapena atasochera. Bambo mfumu sankafuna kumva za nyumba yosungiramo ana amasiye. Ankati mwana akulire kwa abale ake, ife tingothandiza mitengo, misomali ndi bulangete, sukulu ikhale pafupi. Ndiye ntchito yanga inakhala iwiri, kumanga ndi kufunafuna abale. Yachiwiriyi sinali yovuta, chifukwa anthuwo anali athu omwe, chilankhulo chimodzi, miyambo imodzimodzi. Ndinkangofunsa kuti, "Malume ake a mwanayu ndani?" Mwini mbumba akapezeka, nkhani yatha. Tinkamanga kanyumba pakhomo pake, mwana n'kuyamba sukulu Lolemba lake. Zaka zonsezo funso limeneli silinandigwiritsepo mwala, moti ndinachokako ndikudziona ngati munthu wodziwa kusamala ana a nkhondo.

Nairobi, 2001 mpaka 2005

Anthu aja atabwerera kwawo ndinagwira ntchito ku dayosizi kwa zaka zingapo, mpaka bungwe la mpingo limene linkatithandiza kumalire kuja linandiitana ku Nairobi. Ofesi yathu inali ku Hurlingham, pamwamba pa sitolo ina mumsewu wa Argwings Kodhek. Ntchito yanga inali kugula simenti, malata ndi misomali, n'kuzitumiza kumalo amene ndinali ndisanawaonepo. Bwana wanga anali Mayi Wairimu, mayi wamfupi, woyenda ngati akuthamangira basi, wokalipa msanga n'kuiwala msanga. Ankanditchula kuti Mzee Lazaro, kutanthauza mdala, ngakhale imvi zinali zisanamere.

Mayi anu sanazolowere kuzizira kwa kuno, koma Chiswahili anachiphunzira msanga kuposa ine, pamsika ankanenerera mitengo mpaka ogulitsa kumaseka. Anadwala mu 2005. Zimene zinachitika mukuzidziwa, munalipo pamene tinapita nawo kwawo. Pa kusudzula, malume anu a Gerevazio anandilankhula mwaulemu. Anati, "Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino. Ana ndi athu monga mwa mwambo, koma khomo lino ndi lotsegula." Ndinawathokoza, ndipo ndinathokoza zoona, chifukwa sananene cholakwika chilichonse. Ndinabwerera ku Nairobi ndekha. Inu munali ku makoleji kumudzi. Loweruka ndinkapita ku ofesi ngakhale kunalibe ntchito, mpaka tsiku lina Mayi Wairimu anandipeza ndikukonza mpando wosathyoka. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mzee, kumwera kwa Sudan nkhondo yaima, tikufuna munthu woti akakhale kumudzi. Kulibe magetsi, kulibe msewu. Mukufuna?" Ndinavomera asanamalize.

Kumwera kwa Sudan, 2006

Dzina la mudziwo ndilisunga. Unali m'mphepete mwa dambo lalikulu, anthu ake aataliatali, oweta ng'ombe. Ndege yaing'ono inkatera pabwalo lafumbi, koma mvula ikayamba dothi lake lamakande linkagwira chilichonse. Lole yathu yoyamba ya simenti inatitimira m'njira n'kukhala pomwepo dzinja lonse, matumba onse anasanduka miyala. Choko chikatha aphunzitsi ankalemba ndi makala pa lata. Sukulu inali pansi pa mtengo. Ine ndinkagona m'kanyumba kuseri kwa tchalitchi, ndipo munthu yekhayo amene ndinkatha kucheza naye anali a Majok, katekisiti wa pamalopo, amene anaphunzira Chingelezi kumsasa wa othawa nkhondo ku Kenya. Anali womasulira wokhulupirika. Zimene wanena ndi zimene ankapereka, osaonjezera, osachotsera.

Ana ankabwerera kuchokera kumisasa, ena opanda bambo ndi mayi. Dongosolo linali lomwe lija la ku Dedza. Ndiye ndinayamba ndi funso langa lija, a Majok n'kumamasulira. Ndinkaona anthu akuyang'anana, ena n'kumamwetulira, koma ndinkati ndi mmene amalandirira alendo. Amalumewo ankavomera mwachangu. Ndani angakane nyumba yatsopano, bulangete ndi neti ya udzudzu? Ndipo ana oyambawo abale a bambo awo anali atatha ndi nkhondo, panalibe wodandaula.

Achol anali mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zitatu, wowonda, wosaseka wamba. Kumsasa anali atafika sitandade 4, ndipo pansi pa mtengo paja ndi iye amene ankawerengera anzake mokweza aphunzitsi mawu akawathera. Tinamumangira nyumba kwa malume ake, kanyumba kozungulira ka dothi, denga lake losongoka. Kumeneko denga amalimangira pansi kenaka n'kulikweza lathunthu. Limeneli ndinalimanga ndi manja anga, ndipo ndinalinyadira.

Mvula yoyamba itagwa, amuna amene anali kudambo ndi ng'ombe anabwerera. M'mawa wina ana ali m'kati mophunzira, ndinaona amuna akubwera pamzere, zibonga m'manja, mmodzi mfuti paphewa. Ana anabalalika. Kutsogolo kunali munthu wamtali kuposa onse, wa zipsera za mtundu wawo pamphumi. A Majok anandinong'oneza kuti, "Awa ndi a Deng, akulu awo a malemu bambo ake a Achol."

A Deng sanakhale pansi. Anafunsa kuti, "Wamanga nyumba ya mwana wa mng'ono wanga pakhomo pa anthu ena ndiwe?"

Ndinati ndine, ndipo ndamanga kwa malume ake, eni mwana.

A Majok anamasulira. Kenaka a Deng anati, "Mng'ono wanga anapereka ng'ombe pokwatira mayi wa mwanayu. Zina mwa ng'ombezo zinali zanga. Iwe wauza dziko lonse kuti sanapereke, kuti anali munthu wachabe, kuti dzina lake lafa naye limodzi. Anakutuma ndani?"

Ndinafotokoza kuti sanandituma munthu, kwathu ndi mmene timachitira. Mwana ndi wa kuchikazi, womuyang'anira ndi mlongo wa mayi ake.

"Kwanuko ng'ombe kulibe?"

"Ziliko pang'ono, koma ife sitikwatira ndi ng'ombe."

"Mumakwatira ulere?"

"Mwamuna amakakhala kwa mkazi, amalima, amamanga nyumba."

"Nanga iweyo uli ndi ana?"

"Awiri."

"Ndi a yani?"

"A alamu anga."

Amuna aja anaseka mpaka wa mfuti uja anakhala pansi. A Deng anapukuta misozi n'kunena mawu amene a Majok anazengereza kumasulira, koyamba chiwadziwireni. Nditawakakamiza anati, "Akuti ndiye inu ndinu tonde wobwereka." Dzinalo linandikanirira mpaka tsiku limene ndinachoka. Kusekako kunapulumutsa mmawa umenewo, koma a Deng pochoka ananena kuti mwezi usanathe mwanayo akhale ali pakhomo pawo, apo ayi akamutenga okha.

Atapita ndinafunsa a Majok chifukwa chake sanandichenjeze miyezi yonseyo. Anayankha kuti, "Ndinkayesa ndi lamulo la bungwe lanu. A mabungwe amabwera ndi malamulo odabwitsa ambiri, ife timangomasulira." Kenaka anandiuza chinthu chimene chinandisowetsa mtendere. Achol akapita kwa a Deng, chaka chimodzi kapena ziwiri akwatiwa, chifukwa banjalo linataya ng'ombe zambiri pa nkhondo ndipo ana aamuna a a Deng akudikira zolowolera. Sukulu ithera pomwepo.

Ndinaimbira Mayi Wairimu pa foni ya setilaiti. Sanachedwe kuganiza. Anati, "Ndege ikubwera Lachisanu. Mkwezeni mwanayo. Kuno kuli sukulu ya masisitere yogonera konko, malo ndimupezera. Mzee, mukundimva? Musayambe zokambirana pansi pa mtengo." A Majok atamva anapukusa mutu. Anati mwanayo akakwera ndege, a Deng adzapita kwa malume aja ndi mikondo, ndipo mabanja onse adzachotsa ana aakazi pasukulu poopa kuti tikuwaba.

Ndinapita kukamufunsa Achol mwini wake. Ndinamupeza akusinja mapira. Anamvetsera osaleka kusinja, kenaka anaimika munsi n'kuyankha m'Chingelezi chake cha kumsasa. Anati, "Kumsasa akandifunsa kuti ndiwe mwana wa yani, ndinkatchula dzina la bambo anga, palibe ankawadziwa. Kuno aliyense amawadziwa, ngakhale mtundu wa ng'ombe yawo amaukumbukira. Sindikufuna kupitanso kumene sawadziwa. Koma sukulu ndikuifuna." Ndinati ziwirizi mwina sizitheka pamodzi. Anati, "Nyumbayo munamanga ndinu. Musandifunse ine."

Lachinayi ndinapemphera kolona m'tchalitchi, ndinatenga a Majok, n'kupita ku khola la a Deng. Tinawapeza akupaka phulusa ng'ombe yawo yaikulu. Ndinapepesa pamaso pa akuluakulu, ndinati ndinabwera ndi mwambo wa kwathu m'thumba osafunsa wa eni dziko. Ndinati denga lija tilisenza, tidzaliika pakhomo pawo, mwana adzakhala pa dzina la bambo ake. Koma ndinapempha chimodzi, kuti asakwatiwe mpaka atamaliza sitandade 8.

A Deng anapitiriza kupaka phulusa. Kenaka anati, "Tonde, mawu ndingakupatse. Koma kuno munthu umasunga mawu ako kwa munthu amene ukukumana naye panjira, amene angakuyang'ane kumaso ukawaphwanya. Inu a ndege mumabwera chilimwe, mvula ikayamba mwapita, kukubwera wina wa chipewa china. Ndidzasungira yani?"

Sindinakonzekere yankho limene ndinapereka. Ndinati, "Mudzasungira ine. Ndikhala pano mpaka atamaliza."

A Majok anandiyang'ana asanamasulire, ndinawagwedezera mutu. A Deng anandigwira manja onse awiri n'kulavuliramo pang'ono, umene uli mdalitso kumeneko. Ndege ya Lachisanu inabwera ndi misomali, inabwerera yopanda mwana.

Malume aja anakwiya, koma anatonthola atamva kuti makoma ndi bulangete zitsala. Anaikamo mbuzi. Tsiku losenza denga anabwera amuna a mbali zonse ziwiri, chifukwa denga ndi lolemera ndipo silisankha mtundu. Analowa pansi pake n'kulinyamula, moti panjira pankangooneka denga likuyenda ndi miyendo yaitaliitali, likuimba nyimbo za ng'ombe. Achol ankayenda pambuyo, mabuku ake pamutu.

Mayi Wairimu anandikalipira mpaka foni inatha moto. Anati bungwe silipereka munthu ngati chikole, anati anandikonzera mpando ku Hurlingham chaka chamawa, anati ndaika moyo wa mwana m'manja mwa munthu wowerenga ng'ombe. Sindinawatsutse, chifukwa zonse ankanenazo zinali zomveka. Pa ndege yotsatira ananditumizira choko ndi masamba a tiyi.

2008

Zaka zimenezo zinali zazitali. Tinamanga makalasi a njerwa, ana ena onse tinawaika kwa abale a kuchimuna, ndipo ndinaphunzira chilankhulo chawo mokwanira kupereka moni ndi kumva akamandinena. Pa tchuthi ndinkabwera ku Nairobi masiku ochepa, chilimwe chokha, pamene a Deng ndi anyamata awo ali kudambo. Nthawi yoopsa inali yokolola, chifukwa maukwati amakambidwa pamenepo. Lamulungu Misa ikatha anthu ankabalalika, ine n'kutsala pakhonde. Chichewa ndinkangochilankhula popemphera.

Iwe Chifundo unandiimbira kuti ukwati wako uli mu Okutobala. Mwezi womwewo kunabwera munthu wina wamalonda wa kutauni, wa ng'ombe zambiri, kudzafunsira Achol. A Deng anayamba kudutsa pasukulu m'mawa uliwonse, njira yosapita kulikonse. Ankaima pawindo n'kufuula kuti, "Tonde, ukadalipo?" Ine ndinkayankha kuti, "Ndikadalipo." Ankaseka n'kumapita.

Ndinawapempha masabata awiri, ndinati mwana wanga akukwatiwa. Anati, "Pita, wakumanga ndani? Nanga si mwana wa alamu ako ameneyo, ukukatani?" Anzawo anaseka. Pobwerera a Majok anandiuza kuti ng'ombe za munthu uja a Deng anakaziona kale, ndipo anyamata awo sakuwagonetsa tulo. Anati, "A Deng sakufuna kuphwanya mawu awo. Koma mukachoka, adzasowa chowauza anawo."

Ndinakuimbira. Ndinangoti ntchito yandigwira, chifukwa sindinadziwe poyambira. Unati, "Chabwino bambo, amalume alipo." Tsiku la ukwati wako ndinali pa makwerero ndikupaka laimu kalasi ya sitandade 7. Nthawi imene ndinaganiza kuti mukulowa m'tchalitchi ndinatsika, ndinasamba m'manja, ndinakagwada. A Deng anadutsa monga mwa masiku onse, anasuzumira pakhomo la tchalitchi, tsiku limenelo sanafuule. Munthu wamalonda uja anakakwatira kwina.

2010 ndi pambuyo pake

Mayeso a sitandade 8 ankalembera kutauni, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi. A Deng anamuperekeza okha Achol, chibonga paphewa, ndipo masiku onse a mayeso anakhala panja pa mpanda. Achol anakhoza bwino. Ndinapita kukapempha za sekondale. A Deng anati, "Tinapangana sitandade 8. Ndakunamiza?" Ndinati ayi. Anati, "Iwenso sunandinamize. Tsopano tilekane bwino." Kukolola kotsatira Achol anakwatiwa ndi mnyamata wa mudzi woyandikana, ndipo ndinamva kuti ng'ombe zinachuluka chifukwa anali mkazi wodziwa kulemba. A Deng sindiwaweruza. Anali ndi ana aamuna anayi ndi khola la ng'ombe zochepa, ndipo anadikira zaka zinayi chifukwa cha mawu amene anapereka kwa mlendo.

Mwamuna wake analola kuti Achol aziphunzitsa sitandade 1. Tsiku limene ndinkachoka ndinadutsa pakalasi yake ndi chikwama changa. Ana ankabwereza mawu ake mofuula. Sindinalowe, ndinaopa kusokoneza phunziro.

Ndinabwerera ku Hurlingham, ndinakhala pa mpando uja mpaka kupuma ntchito. A Majok ankandiimbira mwa apo ndi apo. Kumapeto kwa 2013 nkhondo inabukanso, ndipo foni yawo inasiya kulira. Ndinafunsa kwa anzanga a m'maofesi a mabungwe ku Gigiri, ndinafunsa anthu a dziko limenelo amene timapemphera nawo kuno. Ena amati mudziwo unaotchedwa, ena amati anthu anathawira kudambo ndi ng'ombe zawo. Woona ndi maso sindinamupeze.

Chaka chatha ndinakumana ndi Mayi Wairimu pa maliro a mnzathu wa ku ofesi. Nawonso anapuma, amayenda ndi ndodo koma mofulumirabe. Tikumwa tiyi anati, "Mzee, mtsikana wanu uja mukanamukweza ndege, bwenzi pano ali namwino kuno ku Nairobi." Ndinati mwina.  Ndimaganiza za Achol, ndimaganizanso za atsikana ena amene anatsala pasukulu paja chifukwa ndege inapita yopanda mwana, ndimaganiza za iwe Chifundo pakhomo la tchalitchi, ndipo sindidziwa kuziika pa sikelo imodzi. Zimenezo ndinazisiyira Mwini wake.

Pa Misa pali pamene timapempherera amoyo, ndi pamene timapempherera amene anatisiya. Mayi anu ndimawatchula pachiwiripo. Achol, a Majok ndi a Deng ndimawatchula poyambapo, pamodzi ndi inu, chifukwa palibe amene wabwera kudzandiuza zina.